Dzanja Lamanzere la Wailesi

"Kodi asisi, mukuluka kapena mukumasula?"

Kasitomala anafunsa maso ali pagalasi, nkhope itachita tsinya. Wailesi anali pakati pa nkhani ya mlonda wa pamsika amene anamubera nsapato ali chivalire, ndipo anali asanafike pokoma penipeni. Anaimitsa nkhaniyo n'kuyang'ana pansi. Pa mizere inayi imene anali ataluka kale pamutu pa mayiyo, panatsala iwiri yokha. Dzanja lake lamanja linali litagwira meshi, likudikira kuyamba mzere wachisanu, koma lamanzere linali kalikiliki kumasula, zala zikuthamanga ngati zikupikisana ndi wina.

"Pepani mayi, panakhota pang'ono apa," anatero Wailesi, akulikoka dzanjalo n'kulibisa kumbuyo.

"Panakhota mizere iwiri yonse? Ine ndakhala pampando pano kuyambira m'mawa. Ndili ndi ulendo masana ano."

Mayi wa zikhadabo, amene ankagwirira ntchito pakona pafupi ndi khomo, anasiya chala cha kasitomala wake n'kutembenuka. Aliyense ankadziwa kuti Wailesi sakhotetsa mzere. Dzinalo anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa akangogwira mutu wa munthu ankatsegula pakamwa ndipo sankatseka mpaka mutuwo utatha. Kwa zaka makumi awiri ankaluka osayang'ana manja ake. Maso ankakhala pamsewu, pakamwa pa nkhani za eni ake, manja n'kumadzigwirira okha ntchito. N'chifukwa chake mpando wa pawindo, pamene pamalowa kuwala kwabwino komanso pamene odutsa amaonera luso la saluni, unali wake, ndipo palibe amene ankaulota n'komwe.

Kasitomala uja anadzuka, anamanga mpango pamutu wolukidwa theka, n'kutuluka osatsanzika. Madamu, mwini saluni, anakodola Wailesi kuti amutsatire kukachipinda ka kumbuyo kosungiramo matawulo ndi mabotolo a shampu.

"Asisi, aka n'kachitatu sabata ino," anatero Madamu motsitsa mawu. "Lachiwiri ndinaona, Lachinayi ndinaona, ndinangoti mwina n'kutopa. Chikuchitika n'chiyani?"

"Palibe, Madamu. Meshi ya masiku anoyi ndi yoterera."

Akulankhula choncho, dzanja lamanzere linazembera kumbuyo n'kumasula chingwe cha epuloni yake. Epuloni inagwera pamapazi. Onse awiri anaiyang'ana.

"Nayonso ndi yoterera?" anafunsa Madamu.

Wailesi anakhala pakatoni ya matawulo, n'kuyamba kuulula zonse. Chilungamo chake chinali chakuti mwezi wapitawo anagwa akusesa pakhonde m'mawa, mwendo wamanzere utalemera ngati thumba la simenti. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono, anamugoneka sabata imodzi, n'kumutulutsa ndi mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Mwendo unabwerera mwakale. Koma dzanja lamanzere, limene silinafooke ngakhale pang'ono, linangoyamba mwano. Iye akamanga mabatani a bulauzi, ilo linkabwera m'mbuyo n'kumamasula. Akatseka mpopi, ilo linkatsegula. Tsiku lina anakhoma chitseko katatu, katatu konse ilo likutembenuza kiyi kubwerera. Zonsezi anazisunga mumtima chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa ankadziwa mmene nkhani imathamangira m'tauni. Ankadziwa bwino, popeza nthawi zambiri woithamangitsa ankakhala iyeyo.

Madamu anamvetsera mpaka pamapeto. Sanali munthu woipa mtima, koma saluni ndi saluni.

"Bwererani kuchipatala, asisi. Ndikupatsani mpaka Loweruka la sabata ya mawa. Tsiku limenelo mundilukire mutu umodzi wathunthu, ndiuone ndi maso angawa. Zikakanika, mpando wa pawindo ndipereka kwa wina. Ntchito siikutherani ayi. Muzikhala kumbuyo kuno pafupi ndi sinki, muzimasula tsitsi la makasitomala obwera ndi maluko akale."

"Kumasula? Ine?"

"Dzanja lanu lomwe lasankha."

Mawu amenewo anamubaya Wailesi. Kumasula ndi ntchito imene amapatsa munthu amene wangobwera dzulo, woti sanadziwe kugwira chipeso. Anatola epuloni yake, n'kutuluka mutu uli pansi.

Mwamuna wake anali kalipentala, munthu wa mawu ochepa. Anthu ankati anakwatirana bwino, chifukwa mawu a banja lonse anali kale ndi mkaziyo. Madzulo amenewo anamvetsera nkhani yonse akuchotsa utuchi m'makutu ndi kansalu.

"Ine ndimaona, mayi," anatero. "Bulauzi imodzi mumavala mphindi makumi awiri. Ndimangoti mundiuza nokha."

"Nanga bwanji simunafunse?"

"Pofunsira ndikanapapeza pati? Wailesi ikamalankhula munthu amangomvera." Anapinda kansalu kaja. "Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lolemba tikupita kwa adokotala."

Dokotala wa mitsempha anali mayi wamfupi wovala magalasi, ndipo chinthu choyamba chimene Wailesi anaona chinali chakuti mizere ya pamutu pake inalukidwa ndi munthu wofulumira. Anadzigwira kuti asanene. Dokotala anamuuza kuti atsinzine, kenaka anamuika kanthu m'dzanja lamanzere.

"Mwagwira chiyani?"

Wailesi anakwinya nkhope. Ankamva kuti m'dzanja muli chinthu, koma dzina silinkabwera.

"Supuni? Ayi... kiyi kapena?"

Mwamuna wake anatsegula pakamwa, koma dokotala anamuletsa ndi chala. Pamene pakamwa pa Wailesi pankasakasaka dzina, dzanja lija linali litakwera kale kumutu kwake, likugawa tsitsi mzere woongoka bwinobwino. Dokotala anachotsa kanthuko n'kukaika m'dzanja lamanja.

"Aa! Chipeso cha mchira ichi!" anatero Wailesi nthawi yomweyo. Anatsegula maso, ndipo mantha anamugwira. Chipeso chimene amagwira tsiku lililonse, iye n'kuchitcha supuni. "Adokotala, kodi ndikupenga?"

"Simukupenga, mayi. Onani apa."

Dokotala anatembenuza kompyuta kuti onse aone chithunzi cha ubongo chimene anajambula mwezi wapitawo.

"Ubongo wa munthu uli ndi mbali ziwiri, tsidya lino ndi tsidya linalo. Mbali yakumanzere imayendetsa dzanja lamanja, ndipo ndi imene imalankhula. Mbali yakumanja imayendetsa dzanja lamanzere, koma yokha ilibe pakamwa. Pakati pa ziwirizi pali mtolo waukulu wa mitsempha, ndiwo mlatho wodutsapo mauthenga. Ife timautcha kopasi kalosamu."

"Kopasi chiyani? Dzina ngati la mafuta a tsitsi odula."

Dokotala anaseka, n'kuloza kadontho koyera pakati pa chithunzicho.

"Sitiroko ija inawononga mlathowo apa. Uthenga sukuwoloka bwino. Mwaona nokha, dzanja lanu chipeso likuchidziwa, ntchito yake likuidziwa, koma silingathe kuuza pakamwa. Chimodzimodzi inu mukaganiza kuti tsopano tikuluka, ilo silimva nthawi zonse. Likaona mzere limangochita chimene lachikonda."

Kalipentala anayang'anitsitsa chithunzicho ngati akuyeza thabwa.

"Mlatho ukakokoloka," anatero pang'onopang'ono, "anthu a tsidya lino ndi a tsidya linalo amakuwirana."

"Mwalasa, bambo. Makutu ndi maso zimatumikira mbali zonse ziwiri. Mayi, muziliyang'ana dzanjalo pogwira ntchito, ndipo muzinena mokweza chimene mukuchita, kuti tsidya linalo limve. Likakhala lilibe ntchito, lipatseni chogwira, lisamayendeyende. Kwa ambiri zimachepa pakapita miyezi, koma tsiku sindingakulonjezeni."

"Kulankhula basi?" anatero Wailesi, nkhope ikumasuka. "Ndiye mwandilembera mankhwala amene ndili nawo kale, odzadza nyumba."

"Osati nkhani za anthu ayi. Nkhani ya manja yokha."

Apo nkhope inabwereranso mwakale.

Atafika kunyumba, kalipentala analowa m'shedi yake. Anatulukamo ndi thabwa lozungulira ngati mutu wa munthu, atakhomerapo tizingwe tambirimbiri ta chikolopa chakale, n'kulimangirira kumsana kwa mpando.

"Kasitomala wanu uyu. Sadandaula, alibenso ulendo masana."

Wailesi anayamba. Anayang'ana zala zake, zimene zinali zachilendo m'maso mwake ngati za munthu wina, n'kunena mokweza: "Tenga. Pinda. Koka." Dzanja lamanzere linazengereza, kenaka linatenga chingwe, linapinda, linakoka. "Tenga. Pinda. Koka." Mzere unayamba kutsika, pang'onopang'ono ngati wa wophunzira, koma woongoka. Lachiwiri analuka mizere itatu. Lachitatu analuka isanu ndi umodzi, mpaka mkazi wa nyumba yoyandikana nayo anadutsa atavala nsapato zatsopano, Wailesi n'kutembenuka kuti amuuze mwamuna wake kumene nsapatozo zachokera. Pomaliza chiganizo, mizere iwiri inali itapita.

"Wamwano iwe!" anakalipa, akulimenya dzanjalo ndi linzake. "Ndinakudyetsa zaka zonsezi!"

"Musalimenye," anatero mwamuna wake osadzutsa mutu pa mpando umene ankakonza. "Simunaliuze kanthu. Mumauza ine."

Loweruka linafika. Vuto linali loti nkhani inali itamveka kale, ndipo panalibe kasitomala wofuna kupereka mutu wake kuti ayeserepo. Amayi atatu amene anali pabenchi anayang'ana m'mafoni mwawo ngati alandira uthenga wofunika onse pamodzi. Amene anadzuka anali aphunzitsi opuma ntchito, mayi achikulire a imvi zambiri, amene Wailesi anawaluka mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi ndi zisanu.

"Mutu wanga ulibe kopita lero," anatero aphunzitsi, akukhala pampando wa pawindo. "Mizere khumi ndi iwiri yobwerera kumbuyo, monga mwa nthawi zonse. Ukaononga ndivala chipewa, mwanawe."

Wailesi anawafunditsa tawulo, anagawa tsitsi ndi mchira wa chipeso, n'kuyamba.

"Tenga. Pinda. Koka."

Mayi wa zikhadabo anaphulika nako kuseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

"Wailesi yathu yagwira siteshoni yanji lero? Ya masamu?"

"Ya sukulu ya mkaka," anayankha wina pabenchi.

Wailesi sanadzutse maso. Mzere woyamba unatha, wachiwiri unatha. Dzuwa linakwera mpaka linachoka pawindo. Mutu umene kale ankaumaliza m'maola awiri, pofika masana unali pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Koma mizereyo inali yake ndithu, yoongoka, yothina mofanana kuyambira pamphumi mpaka pankhongo. Madamu ankadutsa, n'kusuzumira, n'kupitirira.

Saluni yopanda nkhani imatopetsa, choncho mayi wa zikhadabo anaganiza zodzaza malowo. Anayamba kufotokozera kasitomala wake nkhani ija ya mlonda wa pamsika.

"Ndiye akuti mbavazo zinamuvula nsapato zonse ziwiri, iye ali mkonono..."

Wailesi analuma mlomo. "Tenga. Pinda. Koka."

"...podzuka n'kupeza zamusiyira masilipasi a mkazi."

"Si choncho!" Wailesi anatembenuka thupi lonse. "Zinavula imodzi yokha! Inayo inakana kutuluka chifukwa phazi lake lamanja n'lotupa. Ndiye m'mawa mbava inabweranso, n'kumuuza kuti achimwene, nsapato imodzi ilibe ntchito kwa inu ngakhale kwa ine, tiyeni tikambirane. Za masilipasi mwazitenga kuti? Nkhani ngati simukuidziwa..."

Anthu anali akugubuduka ndi kuseka, ndipo Wailesi anamva kukoma kuja kumene anakusowa sabata yonse, kukoma koona chipinda chonse chili m'manja mwake. Koma aphunzitsi anatsokomola.

"Mwanawe, kumutu kwanga kukupita mphepo."

Wailesi anayang'ana. Mzere wachisanu ndi chiwiri unali utatheratu, ndipo dzanja lamanzere linali pakati pa wachisanu ndi chimodzi, likugwira ntchito mwachimwemwe. Kuseka kunazima. Madamu anali ataima pafupi ndi sinki, manja atapinda pachifuwa, ndipo pambali pake panali kampando kamene amakhalapo omasula tsitsi.

Wailesi anagwira dzanja lamanzere ndi lamanja, nalipanikiza pamimba. Misozi inalengeza. Zinamuwawa kuti chimene chamugwetsa si matenda okha, komanso pakamwa pake pomwe.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero aphunzitsi mofatsa, akumuyang'ana kudzera pagalasi. "Ine ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu. Mwana amene akuvuta sumutembenukira msana. Sankha, ukufuna mpando kapena ukufuna mlonda?"

"Saluni yopanda nkhani, aphunzitsi, anthu adzagona."

"Nkhani tisiyire ife. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala pampando uno, sunandipatsepo mpata ngakhale wonena kuti ndili ndi adzukulu angati. Lero ndilankhula ine. Iwe lankhula ndi mnzakoyo, wakhala akukugwirira ntchito osamupatsa moni."

Wailesi anapukuta maso ndi phewa. Anatenga chipeso, n'kuliyang'ana dzanja lamanzere monga mmene munthu amayang'anira m'bale wake amene anayambana naye pa nkhani yopanda pake.

"Chabwino, achemwali," anatero kwa dzanjalo. "Tikuluka tsopano. Mwamva? Tikuluka. Tenga."

Linatenga.

Aphunzitsi anayamba kufotokoza za adzukulu awo asanu ndi mmodzi, za wamkulu amene amaopa nkhuku ndi wamng'ono amene anameza batani. Kunena zoona, nkhani sankaidziwa kuikometsa. Ankayambira kumapeto, n'kuiwala pakati, n'kubwereranso. Kangapo konse lilime la Wailesi linayabwa kuti awathandize, koma ankangolimeza n'kunena mawu ake atatu aja. Mzere wachisanu ndi chimodzi unabwerera, wachisanu ndi chiwiri unabwerera. Makasitomala ena anabwera, anakonzedwa, anapita. Pamene mithunzi ya nyumba za tsidya la msewu inkafika pakhomo la saluni, Wailesi anamanga nsonga ya mzere wa khumi ndi chiwiri, mawu atasasa. Mwamsanga anapatsa dzanja lamanzere botolo la mafuta kuti ligwire.

Madamu anabwera. Anaweramitsa mutu wa aphunzitsi uku ndi uku, akutsata mzere uliwonse ndi chala.

"Ntchito ndi yanu, asisi, palibe angatsutse," anatero. "Koma maola asanu ndi awiri mutu umodzi. Mpando wa pawindo sungadye mutu umodzi patsiku."

Wailesi anayang'ana kampando ka pafupi ndi sinki, kenaka anayang'ana dzanja lake litakumbatira botolo. Sabata yonse ankaliona ngati mdani. Koma anali ataonanso ndi maso ake mmene linamasulira mzere ndi theka m'kanthawi ka nkhani imodzi, osadula tsitsi ngakhale limodzi, aphunzitsi osamva kuwawa.

"Madamu, omasula anu amatenga nthawi yaitali bwanji pamutu umodzi?"

"Maola awiri, kasitomala akulira."

"Ndipatseni ine m'mawa uliwonse. Achemwali angawa amasule mpaka akhute, ine ndikuulutsa nkhani monga kale, popeza pomasula safuna kuuzidwa. Masana ndiziluka mutu umodzi, pakamwa pali pa ntchito. Dzanja lililonse ndi shifiti yake. Koma zonse pawindo pano. Kusinki sindipita."

"Inu amene munati kumasula ndi ntchito ya obwera dzulo?"

"Nanenso ndabwera dzulo. Manja awa ndayamba kuwaona Lolemba."

Madamu anaseka, anapukusa mutu, n'kupita kukanyamula kampando kaja n'kukalowetsa m'chipinda cha matawulo.

"Lolemba eyiti koloko," anatero ali m'katimo. "Ndipo nkhani ya mlonda mudzaimalize bwinobwino."

Kalipentala anali akudikira panja, atatsamira khoma, utuchi uli m'tsitsi. Anangoona kuti mkazi wake wasiya epuloni yake pampando wa pawindo monga mwa masiku onse, ndipo anagwedeza mutu. Anayamba kuyenda kulowera kokwerera basi, pakati pa anthu oweruka ndi ogulitsa amene ankalongedza katundu wawo. Botolo la mafuta linali litatsala musaluni, ndipo dzanja lamanzere linayamba kusakasaka. Linagwira chikwama, linachisiya. Linagwira batani la bulauzi, Wailesi n'kulichotsa. Kenaka linatsika, linapeza dzanja lokhakhala la kalipentala, n'kulowetsa zala zake pakati pa zala za bamboyo.

Pa zaka zonse za ukwati wawo, awiriwa anali asanagwiranepo manja pamsewu. Wailesi anayang'ana uku ndi uku, manyazi atamugwira ngati mtsikana.

"Si ine, bambo," ananong'ona. "Ndi dzanjali."

"Ndikudziwa," anatero kalipentala, maso ali kutsogolo. "Adokotala anati lizipatsidwa chogwira."

Sanalisiye mpaka basi inabwera.